Manati Asanu ndi Atatu

Las Garzas, Chihuahua
9 Sepitembala 1991

Iwe Chebo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Ofelia. Kuno tilipo, koma kungoti tilipo basi.

Sindizungulira. Mvula ya sabata yatha yagwetsa chipinda cha Bambo. Njerwa zosawotcha zija zinamwa madzi masiku anayi, ndiye Lachisanu m'mawa khoma lonse la kumadzulo linangoti khu! Mwayi wake ndinali nditawatulutsa kuti aothere kadzuwa. Amisiri akuti kukonza n'kutaya nthawi, pakufunika kugwetsa zonse n'kuyambiranso, ndipo sangayambe chisanu chisanathe.

Pano akugona kukhitchini, pakati pa mbaula ndi matumba a nyemba. Ukudziwa kuti maso awo anatheratu. M'chipinda mwawo ankadziwa pamene pali msomali uliwonse, koma kukhitchini agunda kale mutu kawiri, dzulo aponda mphaka. Sadandaula, ndipo n'zimene zikundiwawa. Munthu woti anayendetsa lole ya ng'ombe zaka makumi atatu, lero akundifunsa ine kuti chitseko chili mbali iti.

Disembala wa kuno sunamuiwale, ngakhale watha zaka khumi ndi chimodzi ku Texas. Mphepo imalowa m'khitchini muja ngati kwawo, ndipo chifuwa cha Bambo ukuchidziwa.

Sindikupempha chozizwitsa. Ndikungokukumbutsa kuti nawenso ndi bambo ako.

Ndine mlongo wako,
Herminia

Pecos, Texas
21 Sepitembala 1991

Achemwali,

Moni kwa inu ndi kwa Bambo. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Musadere nkhawa, yankho lilipo, ndipo tikugonamo.

Ndaganiza zowapatsa Bambo kalavani yathu. Ntchito yowotcherera mapaipi yakhazikika kuno, sitikusamukasamukanso, ndipo tapeza kanyumba ka lendi. Kalavaniyi ili ndi kabafa, chotenthetsera cha gasi, ndi chipinda chogona kutsogolo, pokwera masitepe atatu okha. Bambo adzaizolowera tsiku limodzi chifukwa chilichonse chili pofikira dzanja.

Chatsala n'choikokera. Si ija yokola pa kambedza kumbuyo kwa galimoto. Iyi ili ndi khosi limene limakwera m'bodi ya pikapu n'kukhala pa chimbale chachitsulo, ngati mmene zimakhalira zimalole zikuluzikulu. Kale inkakokedwa ndi galimoto ya kampani, tsopano ndiyenera kugula yangayanga. Ndakhala ndikusunga kangachepe, zitheka.

Lembani pakhoma: Loweruka pa 16 Novembala. Ndidzalowa m'mudzi masana dzuwa likuswa mtengo, kudzera pabwalo la tchalitchi, kuti aone kuti Chebo sanapite kukasewera.

Ndine mlongo wanu,
Chebo

Las Garzas
3 Okutobala 1991

Chebo,

Tili bwino. Nditawawerengera kalata yako, Bambo anati, "Tenga pensulo." Ndalemba mmene anayankhulira, ndi dzina lako la ubatizo lomwe, usandinene ine.

"Umuuze Eusebio kuti wogulitsa adzamuuza zimene galimoto imakoka. Asamvere zimenezo. Bulu amakoka ngolo yoti sangaisenze pamsana. Kalavani ya khosi siingokokedwa ayi, imakhalanso pamsana pa galimoto. Afunse kuti imasenza zochuluka bwanji, ndipo apite nazo zonse pa sikelo. Chachiwiri, bodi ikhale yaitali, kuti pokhota mphumi ya kalavani isapsompsone galasi lakumbuyo. Chachitatu, mnzanga Cleofas wa ku Presidio akugulitsa yake yoyera ija, ya dizilo, ya matayala anayi kumbuyo. Ndi yonyansa ngati mwini wake, koma siigwada."

Atatha ananditi ndiwawerengere, n'kundichotsetsa mawu awiri amene anati akumveka ngati akukulamula.

Chebo, uwamvetse. Chichokereni iwe sanakutumizirepo mawu. Ndikudziwa sunaiwale Lamulungu lija unathyola masipuling'i a lole podzaza udzu wa ng'ombe mopyola, iwo n'kukukalipira pabwalo la tchalitchi, anthu akutuluka ku Misa, atsikana onse akumva. Iwonso sanaiwale. Ngakhale pa maliro a Mayi munangopatsana manja ngati alendo. Lero akumeta ndevu akuimba kamluzu.

Herminia

Pecos
19 Okutobala 1991

Achemwali,

Moni nonse. Onani chithunzi chili m'katimu. Ndagula!

Ya a Cleofas ndinakaiona, musati sindinamvere. Koma achemwali, imanunkha nkhumba, chitseko cha dalaivala amachimanga ndi waya, ndipo utoto unasupuka ngati galu wa mphere. Ine ndinakula anzanga akunditcha Ndowe chifukwa cha lole ya Bambo. Inu mukudziwa mmene anyamata a kuno amabwerera kumudzi mu Disembala, aliyense ndi pikapu yonyezimira, kuzungulira bwalo wailesi ili pamwamba. Ndiye ine ndikatulukire ndi chonyamulira nkhumba?

Iyi ndi yofiira, yangoyenda chaka chimodzi, ili ndi kampando kena kumbuyo koti inu mudzakhalepo ngati a bwana. Wogulitsa anandionetsa m'buku momwe, kuti imakoka zoposa kulemera kwa kalavani yathu. Magalimoto a masiku ano si a nthawi ya Bambo. Mawu amenewa musawawerengere.

Konzani malo pafupi ndi mtengo wa pichesi.

Chebo

Las Garzas
30 Okutobala 1991

Chebo,

Chithunzi chafika, ndipo chayenda mudzi wonse mpaka chada m'mbali. Kugolosale achiika pa kauntala tsiku lathunthu. Inenso sindikubisira, ndayenda mapewa ali m'mwamba.

Bambo okha ndi amene andidabwitsa. Ndinawafotokozera zonse, kufiira kwake, magalasi, iwe utatsamira chitseko ndi chipewa chatsopano. Iwo anangoti, "Wilo likuoneka?" Ndinati likuoneka. Anati, "Werenga manati omangira wilolo." Ndinachita kutenga mandala a malemu Mayi.

"Sikisi," ndinatero.

"Werenganso."

"Sikisi, Bambo. Kusukulu ndinapitako."

"Nanga bodi?"

Ndinati ndi yaifupi bwino, yooneka mwaulemu, osati chimchira ngati cha lole. Ndinafunsa ngati pali choti ndikulembere, anati, "Umuuze kuti ndamva kuti ndi yokongola." Basi.

Ine ndikuona ngati ndi kansanje ka ukalamba, poti sunagule ya mnzawo. Usazitengere. Dzulo anakhala nthawi yaitali pamsewu akunong'onezana ndi dalaivala wa basi yopita kumalire ku Ojinaga, kaya amakudandaulira kaya.

Malo tasalaza, mwamuna wanga wathira miyala. M'mawa mwayamba kuzizira.

Herminia

Las Garzas
24 Novembala 1991

Chebo,

Uli moyo?

Pa 16 tinapha mbuzi. Ndinadzuka kukulunga matamale, timikate ta ufa wa chimanga ndi nyama tija, mpaka zala kuuma. Bambo anavala malaya amene anavala pa ukwati wanga n'kukhala pageti kuyambira m'mawa. Galimoto iliyonse ikamveka ankapendeka mutu, n'kunena okha, "Si imeneyo." Anthu anadya, anacheza, anayamba kutsanzika m'modzim'modzi osandiyang'ana kumaso. Dzuwa litalowa ndinachita kuwakoka Bambo kuti alowe.

Ndakuimbira katatu pa foni ya kugolosale. Ku ofesi ya kumene mumaimika makalavani akungoti watuluka. Watuluka masiku asanu ndi atatu? Mkazi wa golosale uja tsopano amandifunsa mokweza, "A Herminia, yofiira ija yafika pati?" Ndikumadzera njira ya kuseri kwa sukulu ngati ndaba nkhuku.

Manyazi anga ndi nkhani yaing'ono. Madzi a m'ndowa ayamba kuundana m'mawa, ndipo Bambo akutsokomola.

Yankha.

Herminia

Pecos
2 Disembala 1991

Achemwali,

Pepani. Ndili bwino. Mapepala a pamalire avuta, komanso pali tina ndi tina ta pakhomo pano tofunika kukonza kaye. Si nkhani yolemba m'kalata. Ndibwera ndithu. Muwagulire Bambo bulangete lina ndi kandalama ndaikamoka.

Chebo

Las Garzas
10 Disembala 1991

A Ofelia,

Sindinakulembereniponi kalata, ndipo ndikanakonda yoyamba ikanakhala ina. Moni.

Ine si mwana. Mwamuna akati "tina ndi tina ta pakhomo", ndiye kuti mkazi wakana. Mapepala a pamalire anyamata onse a m'mudzi muno adutsa nawo sabata ino, wina ndi boti pamwamba. Ndiye tingonena zoona: simukufuna kutaya nyumba yanu ya matayala chifukwa cha nkhalamba yakhungu imene munangoiona kamodzi pa maliro.

Ndi ufulu wanu. Koma mukanakana mu Sepitembala, bwenzi titamanga kachisakasa ka malata. Tinadalira mawu a m'bale wanga, amene ndikuona kuti masiku ano amayamba wapempha chilolezo asanapume.

Bambo agona masiku anayi thupi lili moto. Adokotala akuti ndi chibayo. Tawasamutsira pabedi pathu, ine ndi mwamuna wanga tikugona pansi ndi ana. Mukamayatsa chotenthetsera chanu cha gasi muzikumbukira zimenezo.

Herminia Armendáriz

Pecos
17 Disembala 1991

Alamu,

Moni. Ndamva chisoni kwambiri ndi matenda a Bambo. Ndawayatsira kandulo.

Kalata yanu ndaiwerenga nditavala majuzi awiri, chifukwa chotenthetsera mukunenacho chakhala chosayaka mwezi wathunthu. Chebo anandilumbiritsa kuti ndisanene, koma lumbiro loti lindisandutse mfiti sindilisunga.

Kalavaniyi anandisiyira ndi bambo anga. Anamwaliriramo. Kalata yanu yoyamba itafika, ndine ndinati, "Chebo, apongozi akugona pa nyemba ife tili ndi nyumba yoyenda?" Sindikunena kuti munditamande. Ndikungofuna mudziwe amene mukumutukwana.

Pa 16 Novembala tinadzuka m'mawa, anzake onse a kuntchito atabwera kudzatiperekeza. Titatsitsira khosi la kalavani pa chimbale, yofiira ija inagwada. Kumbuyo kunatsika mpaka matayala kubisala, mphuno kuloza kumwamba ngati galu wopempha. Mkulu wina wa ku Sonora anati, "Mphwanga, iyi yakhala kale pansi, ukufuna ikagone kuti?" Anthu anaseka. Ndinamugwira mkono ndikuti timasule, koma mukumudziwa m'bale wanu akasekedwa. Anati ikayenda iwongoka.

Alamu, sitinatuluke ndi pageti pomwe. Pamenepo pamafunika kukhota kwambiri. Pokhota, ngodya ya kalavani inalowa m'galasi lakumbuyo, phwaa! Denga la pikapu linapindika, ndipo mphumi ya kalavani inang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pabedi, chipinda chomwe chija tinakonzera Bambo. Magalasi anandithira m'tsitsi. Kampando kakumbuyo kamene anakulonjezani kanadzaza zitsulo. Palibe anasekanso, ndipo Chebo akuti bola akanaseka.

Tinatseka njira maola atatu. Tsiku lotsatira anapita pa sikelo, mochedwa, n'kupeza kuti khosi lokha linkalemera pafupifupi kawiri zimene galimotoyo imayenera kusenza. Zinalembedwa pa kapepala ka pachitseko, pamene anatsamira pojambulitsa chithunzi chija.

Kanyumba ka lendi tinakasiya kuti tipeze zokonzera. Tikugona momwemo, pobowoka titatchinga ndi lona. Akaweruka kuntchito amakwera pamakwerero kumata mphumi ija, salankhula ndi munthu. Foni yanu ikaitana amabisala kuseri kwa thanki ya madzi, bambo wamkulu wa ndevu zake. Kalata ya malangizo a Bambo amayenda nayo m'thumba la malaya, yachita kuthetheka.

Si ine ndamuletsa kubwera. Akuopa kuima pamaso pa bambo ake atathyolanso galimoto podzaza mopyola. Ndamuuza kuti manyazi anapha lambe, koma apa afuna kupha munthu wina.

Kalata yanu ndamupatsa kuti awerenge. Mundikhululukire ngati ndalakwa.

Mlamu wanu,
Ofelia

Presidio, Texas
21 Disembala 1991

Bambo,

Achemwali akuwerengereni yonse, asadumphe mawu.

Munandiuza zinthu zitatu, sindinamve ngakhale chimodzi. Ndinagula galimoto yoti anthu aione, osati yoti ikubweretsereni nyumba. Ndaphwanya kalavani ya mkazi wanga, ndakunamizani za mapepala, ndasiya mlongo wanga atukwane munthu wosalakwa, ndipo inu mwadwala chibayo chifukwa cha ine. Ndilibe ponamizira.

Yofiira ndagulitsa motchipa, mmene inalili. Lero ndafika kwa a Cleofas chipewa chili m'manja. Njira yonse ndimapemphera kuti ndipeze asanagulitse. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kunena kuti, "Wachedwa, Ndowe. Anthu atatu ndawabweza." Ndinafunsa chifukwa chake. Anati dalaivala wa basi ya ku Ojinaga anawabweretsera mawu anu kumapeto kwa Okutobala, akuti musagulitse, mwana wanga adzaifuna.

Bambo, ndinakhala pansi pa fumbi. Munadziwa kuyambira pa chithunzi. Bwanji simunandikalipire?

Ndikufunika milungu itatu kuti ndimalize kumata mphumi, ndiike chimbale m'bodi, ndipite pa sikelo. Tsiku sindilonjeza, pakamwa panga panatha ntchito. Mundidikire muli moyo, chonde.

Mwana wanu,
Eusebio

Las Garzas
13 Januwale 1992

Alamu anga a Ofelia,

Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Ndinakulakwirani. Ndinakutukwanani muli m'nyumba yobowoka imene munaipereka nokha, ya malemu bambo anu. Kalata yanu nditaiwerenga ndinakadzitsekera m'khola la mbuzi kuti ana asandione nkhope. Mwamuna wanga akuti lilime langa limafika kumene miyendo sinafike, ndipo ulendo uno wanena zoona. Sindikudziwa ngati mungandikhululukire. Ndatumiza tsabola wouma ndi shawelo ya malemu Mayi, osati ngati malipiro, koma kuti mukhale ndi kanthu ka kuno.

Poti ntchito sinakuloleni kubwera, ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa Chebo akakuuzani theka.

Bambo anadzuka pa Khirisimasi, ataonda ngati ndodo. Kalata ya Chebo ndinawawerengera yonse. Anangoipempha n'kuiika pansi pa pilo.

Dzulo Lamulungu, chakumasana, ine ndikuchapa, Bambo anati, "Dizilo." Ine sindinamve kalikonse. Anati, "Ikuchokera kumtsinje, yasenza katundu." Mwamuna wanu wolonjeza kudzera pabwalo la tchalitchi uja anadzera njira ya kuseri kwa manda, ya ngolo za abulu, kuti asaonedwe ndi munthu.

Alamu, galimotoyo ndi yonyansadi. Fungo linafika iyo isanafike. Koma inaima chilili, msana uli tha, kalavani ili pambuyo ndi chigamba chake chotuwa pamphumi. Chebo anamasula waya wa chitseko n'kutsika. Anavula chipewa, anati, "Bambo."

Bambo anati, "Ndiperekeze ku wilo."

Ndinawagwira mkono. Anagwada pa miyala, ndi maondo awo aja, n'kuyamba kupapasa. Ankawerenga mokweza, nati iliyonse akuigwedeza ndi zala. Atafika pa sikisi anaima dala, nkhalamba yachipongwe, Chebo thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsechi. Kenako anapitiriza. Seveni. Eyiti. Anadzuka n'kuyenda m'mbali mwa bodi akuyeza ndi mikono, analowetsa dzanja pakati pa galasi ndi kalavani, anagogoda chigamba chija.

"Wamata ndani?"

"Ine, Bambo."

"Wamata bwino."

Chebo anayamba kupepesa, koma Bambo anamudula. Anati, "Unandifunsa chifukwa chake sindinakukalipire. Ndinakukalipirapo kamodzi pamaso pa anthu, ndinaluza mwana zaka khumi ndi chimodzi. Nditamva sikisi ndinachita mantha, poti galimoto yosenza katundu wotere imakhala ndi manati eyiti. Ndinati bola iphwanyike galimoto kusiyana n'kuti ndimuthawitsenso. Koma usiku uliwonse ndinkaona m'maganizo phiri la ku Shafter, pa njira yobwerera kuno, iwe ukutsika ndi mabuleki a galimoto yaing'ono, mkazi wako ali pambali. Ukanafera pamenepo, ndikanakupha ndine ndi kukhala chete kwanga. Tsiku lija pageti sindinkadikira iwe, ndinkadikira wapolisi. Ndiye usandipepese wekha, manyazi tigawane."

Ine ndinangogwira chidebe. Ndinkati ndi nsanje, alamu. M'nyumba muno aliyense anali ndi chake chobisa, ine ndekha ndi amene ndinali ndi pakamwa, ndipo ndinalasa wosalakwa.

Chebo anati abwerere m'mbuyo aiike pa mtengo wa pichesi. Bambo anati, "Usamasule. Misa yachiwiri ikutuluka. Tidzere pabwalo."

"Bambo, imanunkha nkhumba."

"Tsitsa magalasi, aimve bwino."

Tinawakweza kutsogolo, ine pakati. Pabwalo panali podzaza, mapikapu onyezimira a anyamata a Disembala ali ndandanda. Mkazi wa golosale anakuwa, "A Herminia, yofiira ija yasuluka?" Anthu anafa nacho chiseko. Chebo anafuna kulowa pansi pa chiwongolero. Bambo anatambasula dzanja pamwamba panga, anapeza hutala, n'kuikanikiza osasiya. Anatulutsa mutu pawindo akukuwa, "Mwana wanga uyu! Wandibweretsera nyumba!"

Pa ngodya ya tchalitchi, yopanikiza ija, anasiya hutala n'kutchera khutu kumbuyo. Chebo anakhota pang'onopang'ono. Kalavani inatsatira mwaulemu, osakhudza kanthu. Bambo anangoti, "Eya."

Tinazungulira katatu. Ulendo wachitatu Chebo anali akulira moti sankaona njira, ndiye tangoganizani, wina wakhungu, wina misozi, ine pakati ndikupemphera. Bambo ndi amene ankamuuza posinthira giya.

Usiku wathawu agona m'chipinda cha bambo anu, chotenthetsera chikuyaka. Masitepe atatu aja awaloweza kale. M'mawa uno sanatsokomole. Andituma kuti ndikufunseni dzina la malemu bambo anu, akuti munthu sagona m'nyumba ya mnzake osamudziwa dzina pomupempherera.

Mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Ndine mlamu wanu wa pakamwa,
Herminia